Ndinaperekeza Galasi la Nyenyezi

Ndinalowa m'dziko lino ndili mnyamata, titaunjikana pa lole ya olemba anthu ntchito, ndipo kuyambira pamenepo sindinapitirirepo Harare mpaka nditamera imvi. Zaka zanga zinathera pansi pa nthaka ku Bindura. Ndiye ulendo wa ku Beitbridge umene ndikulemba pano ndi wachiwiri mwa maulendo anga aatali, ndipo wachitatu sindikuuona. Cholembera ndinachigwira mochedwa, ku sukulu ya akuluakulu ya m'komboni, choncho mundipirire ndikamapita pang'onopang'ono.

Mgodi utandipumitsa, anandipatsa miyezi itatu yoti ndituluke m'nyumba ya kampani. Anzanga Achishona akapuma amakwera basi n'kupita kumudzi kwawo ku Musana. Ine mkazi anali atamwalira, mwana wathu mmodzi yekhayo anakwatiwa ku Kadoma m'nyumba ya chipinda chimodzi, ndipo ku Ntcheu sindikanabwerera, pa chifukwa chimene ndinena kutsogoloku.

Ndinapeza ganyu pa kaphiri kena pakati pa Bindura ndi Shamva. Kagulu ka anthu a ku Harare okonda nyenyezi kankamangapo kanyumba ka makina oonera kumwamba. Wotsogolera ntchito anali Mayi Rusere, mphunzitsi wa sayansi, munthu wamfupi wovala majombo ngati athu a mumgodi. Tinathira chipilala cha konkire choyambira pa thanthwe, choti makina adzakhalepo osanjenjemera. Denga tinaliika pa njanji ngati ngolo ya miyala. Iwo anati denga ndi makina omwe adzaziyendetsa munthu atakhala pa kompyuta ku Harare, kudzera pa waya wa telefoni.

"Nanga woyang'ana adzaima pati?" ndinafunsa.

"Palibe woyang'ana, Sekuru Labisoni. Palibe ngakhale poika diso. Kamera ndiyo idzaona." Sekuru ndi mmene anthu kuno amaitanira agogo.

Kumbali kwa nyumbayo kunali kachipinda ka mabatire ndi zitsulo, kokwana bedi limodzi. Ndinakayang'ana masabata awiri ndisanalimbe mtima kupempha. Mayi Rusere anati anzawo a m'gulu safuna mlonda, poti anamanga dala nyumba yosafuna munthu. Kenako anati, "Koma pali ntchito imodzi. Galasi lalikulu la makinawa likubwera kuchokera ku Joni. Ndikufuna munthu wokakhala nalo kumbuyo kwa lole kuyambira pa malire mpaka pano. Mukalifikitsa bwino, za chipinda ndikakuyankhulirani."

Malamulo anandipatsa anayi: osalisiya lokha bokosi lole ikuyenda, osachoka pa tala, osapitirira liwiro la fote, osalitsegula. Panthawiyo anali atatsala masabata atatu kuti ndipereke makiyi a nyumba.

Ndinanyamuka Lolemba m'mawa ndi bulangete, kachikwama, ndi kalata ya Mayi Rusere m'thumba la m'kati. Ku Mbare, m'Harare, ndinakwera basi ya ku Beitbridge nthawi ya teni, kondakitala akulumbira kuti tinyamuka pompano. Dalaivala ankaliza injini, n'kusuntha pang'ono, n'kubwerera pomwepo. Tinanyamuka dzuwa litapendeka.

Pambali panga panakhala mayi wa zikwama zitatu za nsalu zoluka, zokagulitsa ku Joni. Tisanafike ku Beatrice anandifunsa mutupo wanga, ndiye kuti chiwongo, monga amachitira anthu kuno pofuna kudziwa ngati muli pachibale. Nditangoyankha anamva lilime langa.

"Haa, ndinu Mubhurandaya! Inu a ku Malawi mitupo mulibe, mumangobwereka yathu."

Ananena akuseka, ndipo anandinyemera mbatata yophika. Koma atatero anatembenukira kwa bambo wa mpando wakutsogolo, amene anapezeka kuti ndi mlongo wake pa mutupo, n'kucheza naye mpaka ku Masvingo. Ine ndinatsala ndi zenera. Ku Chivhu tinaima ola lathunthu chifukwa mbuzi imene anaimangirira pamwamba pa basi inadula chingwe n'kudumphira m'msika. Basi yonse inatsika kukaithamangitsa, ena kungokaseka. Ine ndinakhala pampando wanga, dzanja pa kalata. Tinalowa m'Beitbridge kukucha.

Kalatayo inandifikitsa pa bwalo la ejenti wina, wokonza mapepala a katundu wodutsa malire. Anati bokosi lafika tsidya lija koma silingaoloke, chifukwa kalaliki wake analemba kuti ndi galasi la m'nyumba, lodziyang'anira popesa. Mapepala anayenera kuyambiranso. "Mawa, madala," anatero. Mawa lake anateronso. Ndinakhala masiku atatu pa benchi ya pakhonde pake, ndikusuntha ndi mthunzi. Kumeneko kumatentha ngakhale mwezi wa Juni. Aliyense amene ankadutsa anali ndi komwe akupita ndi womudikira. Ndinkagula tiyi ndi buledi kwa mayi wina wophikira pa chitofu cha palafini, ndipo nthawi yotsalayo ndinkawerenga zolembedwa pa zitseko za malole, kuti sukulu isandithawe.

Tsiku lachitatu ndikudziyankhulira ndekha m'Chichewa, wina kumbuyo kwanga anati, "Achimwene, muri bwanji here?"

Anali dalaivala amene Mayi Rusere anagwirizana ndi bwana wake kuti atinyamule pobwerera, atatsitsa mabelo a thonje. Dzina lake Shadreck, mwamuna wa zaka ngati makumi atatu ndi zisanu, wa mpata pa mano. Bambo ake anali a ku Dedza, anagwira ntchito ku mgodi wa ku Shamva n'kumwalira iye ali wamng'ono. Chichewa ankamva chonse, koma poyankhula chinkatuluka chosakanikira ndi Chishona.

"Musandiseke, Sekuru. Changa n'chimene baba ankandiuza. Ndimadziwa 'bwera kuno', 'tseka chitseko' ndi 'ndikumenya'."

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Kanali koyamba kuseka chichokere ku Bindura, mwinanso chichokere kumanda a mkazi wanga. Madzulo amenewo ndinamuuza za nyumba ya m'komboni ndi za kachipinda ka paphiri.

Bokosi linaoloka mawa lake. Linali la matabwa okhuthala, lalikulu ngati tebulo la anthu anayi, lofika m'chiuno. Tinaliika pa matayala akale anayi n'kulimanga ndi zingwe. Titatha ndinalizungulira ndikugogoda ndi nkhonya.

"Mukufuna akutsegulireni ndani, Sekuru?"

Ndinamufotokozera. Pansi pa mgodi akaphulitsa miyala, woyamba kulowa ndi kapitawo, atanyamula mgwala, chitsulo chachitali. Amagogoda denga n'kumvetsera. Thanthwe labwino limayankha mawu olimba. Limene lalekana ndi linzake limalira ngati ng'oma, ndipo pansi pake sipalowa munthu. Ntchitoyi ndinaigwira zaka zambiri moti dzanja linazolowera. Ndimagogoda khoma la tchalitchi, ndimagogoda mphika pamsika ngakhale sindigula. Bokosi lija linayankha mofanana mbali zonse zinayi, mawu odzaza, a chinthu chogwidwa bwino m'kati.

Tinanyamuka m'mawa womwewo. Pa liwiro la fote msewu ule sutha. Malole onse ankatidutsa, madalaivala akutinena ndi manja. Kumbuyo kuja mphepo inkalowa m'makutu, fumbi m'mano, ndipo woyankhula naye kunalibe. Ndinkaona malambe akubwerera m'mbuyo limodzi limodzi. Tinaoloka Bubi wopanda madzi. Ku Rutenga tinaima kumwa tiyi, ndipo Shadreck ankangozunguliza supuni m'kapu.

"Sekuru, mkazi wanga wabereka sabata yatha. Mwamuna. Ali kwa amai vake, kuseri kwa Ngundu. Makilomita teni chete kuchoka pa tala. Sindinamuone."

"Mayi Rusere anati msewu wa fumbi ayi."

"Ndiyenda ngati ndanyamula mazira. Ndikapitirira pano, bwana sandimasula mpaka Khirisimasi." Anakanda m'mutu. "Komanso kwathu kulibe munthu wamkulu. Baba anafa, abale awo sindiwadziwa. Apongozi akufunsa kuti dzina la mwana lichokera kuti. Inu mungakhale sekuru wake. Ola limodzi chete."

Ndinayenera kukana. Koma panali patapita zaka zambiri munthu asanandipemphe kuti ndikhale mbale wake, ngakhale wa ola limodzi.

Tinapatuka. Popita ndinali kumbuyo, ndipo pa kamtsinje kouma ka m'njira ndinatsika n'kutsogola wapansi, ndikumuonetsa popondetsa matayala. Kumudziko anatiyalira mphasa, amayi anagwada n'kuwomba m'manja. Shadreck anati, "Awa ndi mkulu wa baba vangu," ndipo ine sindinatsutse. Anandiika mwana m'manja. Anali wopepuka ngati chipewa. Ndinamutcha Limbani. Apongozi ake anayesa dzinalo katatu pakamwa, n'kuliza nthungululu. Anapha nkhuku, ola limodzi lija n'kukhala atatu.

Ponyamuka Shadreck anatsegula chitseko chakutsogolo. "Sekuru wa Limbani sakhala kumbuyo ngati thumba la chimanga. Lowani muno, mpaka pa tala chete." Anthu onse anali kuyang'ana. Ndinalowa. Ndikanakwera kumbuyo ndikanaona kuti chingwe chimodzi chinakhwefuka popita paja.

Tinafika pa kamtsinje kaja dzuwa lili m'maso, ine ndikumuphunzitsa kupereka moni kwa akuluakulu, iye akulakwitsa dala. Palibe anakumbuka zotsika. Tayala lakumbuyo linagwera m'dzenje, lole yonse n'kuti gu! Kumbuyo kunamveka kugunda kwachiwiri, kwa thabwa pa chitsulo.

Bokosi linali litatsetsereka pa tayala limodzi n'kumenya khoma la lole. Kunja silinang'ambike paliponse. Tinalibweza ndi jeke ndi mitengo, n'kulimanganso. Chitsulo chimodzi cha sipuling'i chinali chitathyoka, ndiye tinakwawa mpaka ku Ngundu, kumene wowotcherera anati magetsi athima, tidikire mawa.

Tinadikira mpaka masana a tsiku linalo. M'mawa wonse ndinkalizungulira bokosi osalikhudza. Ndinakayang'ana amayi ogulitsa masawu, ndinawerenga zikwangwani zonse za pamenepo, ndinathandiza wowotcherera kufunafuna sipanala. Kenako ndinakwera n'kugogoda. Mbali yoyamba inayankha bwino, yachiwiri ndi yachitatu chimodzimodzi. Yachinayi inalira ngati ng'oma, ndipo m'kati kanthu kena kanati tche.

Apa ndinene chifukwa chija. Mng'ono wanga Yohane ndinamuitanitsa ine kuchokera ku Ntcheu, n'kumulembetsa m'gulu langa. Tsiku lina tinachedwa kuyamba ntchito, ndipo mzungu wa shifiti anali atanditukwana dzulo lake pa nkhani yochedwa yomweyo. Ndinagogoda denga. Pa ngodya ina linalira ngati ng'oma. Ndinagogodanso pambali pake, pamene ndinkadziwa kuti payankha bwino, n'kuuza anthu kuti alowe. Yohane ndiye anapita ndi fosholo pa ngodya ija, ndipo denga linamugwera. Pofunsidwa ndinati denga linayankha bwino ponseponse, ndipo panalibe wina amene anamva. Kalata ya kwa amayi analemba kalaliki, ine ndikumuuza mawu, yoti Yohane wafa ndi chibayo. Sukulu ndinalowera kuti ndidzalembe ndekha kalata yoona. Pamene ndinkayamba kulumikiza zilembo, amayi anali atapita kale.

Shadreck anandipeza nditakhala pa tayala. Anaona nkhope yanga n'kukwera.

"Chii, Sekuru?"

"Chasuntha m'katimu."

Anagogoda, n'kuika khutu, n'kugogodanso. "Ine sindikumva kanthu."

"Ine ndamva."

"Inu nokha." Anakhala pansi pafupi nane n'kutsitsa mawu. "Sekuru, bokosi ili lachokera kure. Sitima ya pamadzi, njanji, malole a ku Joni, ejenti uja wosadziwa kulemba. Ndani angati ndi ife? Adzalitsegula mwezi wamawa. Inu mudzakhala muli m'chipinda chanu, ine ndili pa ntchito yanga. Mukanena, tonse tagona panja. Ganizirani Limbani."

Iye anaona ngati ndavomera. Anandisisita paphewa n'kutsika.

Kuchokera pamenepo sindinalowenso kutsogolo. Ndinakhala nditatsamiritsa msana pa mbali yolira ija, mapazi nditakankha khoma la lole, kuti ikagwedezeka thupi langa liyambe kulandira. Tinagona ku Masvingo pa bwalo la malole. Tinadutsa Mvuma ndi Chivhu kukuzizira kwambiri, manja anga osamva. Tinagonanso kunja kwa Harare, n'kudutsa m'tauni Lolemba anthu akupita ku ntchito. Njira yonseyo ndinkawerengera masiku otsala a nyumba ya m'komboni, ndipo ndinkadziuza kuti Shadreck sananame: palibe amene akanadziwa. Ku Mazowe anaima n'kundigulira malalanje, n'kundisendera limodzi ndi mpeni wake.

"Idyani, Sekuru. Tatsala pang'ono." Chichewa chake tsiku limenelo chinatuluka chowongoka bwino, ndipo anasangalala nacho.

Tinadutsa Glendale ndi Bindura osaima. Mayi Rusere tinawapeza patsinde pa phiri ndi amuna anayi ndi thirakitala ya ngolo yobwereka ku famu. Lole sikanatha kukwera, poti njira ya paphiri ndi miyala yokhayokha, yopindapinda. Ine ndinaikonza nawo njirayo, ndinkaidziwa bampu lililonse. Sindinaganizepo kuti bokosi adzalikweza pamenepo lili chitsekere.

"Mwayenda bwanji?" anafunsa mayiwo.

"Tafamba zvakanaka, Mai," anatero Shadreck, kutanthauza kuti tayenda bwino. "Tala yokhayokha."

"Sekuru?"

Amuna aja anali atayamba kumasula zingwe. Wa thirakitala anali akubweza ngolo chambuyo. Ndinayang'ana kachipinda kaja pamwamba pa phiri, kali ndi chitseko chatsopano chobiriwira.

"Musalikweze, Mayi. Litsegulireni pompano."

Onse anaima.

"Tinapatuka ku Ngundu, msewu wa fumbi. Ine ndinavomera. Pobwerera ndinali kutsogolo, bokosi lili lokha. Linamenya khoma la lole. Mbali iyi ikulira zina."

Mayi Rusere sanakalipe. Anauza wa thirakitala kuti azimitse injini, anayalitsa tenti pansi, n'kutumiza munthu kukatenga zomasulira. Anatsegula okha, pang'onopang'ono, mphuno ndi pakamwa atamanga kansalu. Galasilo linali lokhuthala ngati njerwa, lozungulira, lolowa m'kati ngati mbale. Nditasuzumira ndinaona nkhope yanga yaikulu, yozondoka. Pa zitsulo zitatu zoligwira, chimodzi chinali chitathyoka, ndipo galasi linatsetsereka n'kutsamira pa bawuti. M'mphepete munali mutabenthuka kachidutswa konga chikhadabo cha chala chachikulu.

Mayiwo anakayang'ana nthawi yaitali. "Apa tipaka utoto wakuda, lidzagwira ntchito," anatero. "Koma likanakwera njira iyo litatsamira pa bawuti chonchi, likanafika pamwamba lili mapisi awiri." Anatembenukira kwa Shadreck. "Bwana wanu ndiyenera kumulembera. Sindingachitire mwina."

Shadreck anapita ku lole. Anakwera kumbuyo, n'kuponya pansi bulangete langa ndi kachikwama. Polowa m'lole anandiyang'ana kamodzi.

"Dzina lanu lija mutenge, madala. Tidzapeza lina."

Za chipinda zinatenga masabata awiri. Makiyi a m'komboni ndinali nditapereka kale, ndikugona pakhonde la tchalitchi, katundu wanga ali kwa mkulu wa mpingo. Mayi Rusere anandiuza okha mmene zinayendera. Ena m'gulu anati munthu wophwanya malamulo awiri mwa anayi sangasungitsidwe makina. Iwo anawayankha kuti makinawo ali ndi diso koma khutu alibe. Anavomera monyinyirika, n'kuika malamulo awo: dzuwa likalowa moto ayi, nyali ayi, ngakhale fodya ayi, chifukwa kuwala ndi utsi zimaononga zithunzi. Alendo asamagone.

Ndiye ndili pano, chaka chachitatu. Ndimaphika dzuwa likadalipo, kuseri kwa thanthwe. Kukayamba mdima denga limakokeka lokha pa njanji zake, makina n'kutembenuka ngati munthu wamva kuitana, ndipo amene akuwatembenuza sindimudziwa, nayenso sadziwa kuti ndaima panja. Nyenyezi za m'galasi lija sindinazionepo, koma pa pepala limodzi limene Mayi Rusere anandibweretsera. Chipindacho sichidontha, chitseko chimakiyika.

Shadreck bwana wake sanamuchotse ntchito, koma anamuchotsa pa maulendo aatali. Tsopano amatuta mchenga pa msewu wa ku Shamva, umene umadutsa m'munsi mwa phiri lino. Injini yake ndimaizindikira ikadali kuseri kwa mlatho. Amadutsa kawiri pa tsiku, ndipo kawiri konse ndimasiya chimene ndikuchita, n'kukaima pa mwala woonekera bwino kumsewu, dzanja m'mwamba. Mpaka lero sanalizepo hutala.